Zomwe kantchentche ka pazipatso kanaphunzitsa dziko za kakulidwe

Pa malichero a nthochi mumsika wa Zomba, ndi pa masitiroberi ndi mabulosi amene amagulitsidwa m'mphepete mwa msewu wokwera ku Ku Chawe, pamazungulira tintchentche ta maso ofiira. Asayansi amatitcha Drosophila melanogaster, ndipo kafukufuku akusonyeza kuti kwawo kwenikweni ndi chigawo chino cha Africa. Mu 2018 anatipeza m'nkhalango za Matobo ku Zimbabwe tikuswana pa zipatso za mfula. Mbiri ya tintchentcheti ikutsutsa mawu amene timathamangira kunena mwana akapinimbira, akuti "n'zakumtundu".

Mu 1910, Thomas Hunt Morgan wa ku Columbia University anapeza kantchentche kamphongo ka maso oyera. Pokasweretsa anasonyeza mmene chibadwa chimayendera kuchoka kwa makolo, ndipo mu 1933 analandira mphoto ya Nobel. Koma oweta tintchentcheti anaonanso china. Mphutsi zake zimadalira yisiti wa pachipatso chovunda kuti zipeze mapuloteni ndi mavitamini, ndipo akachepa zimachedwa kukula, n'kusanduka tintchentche tonyentchera ngakhale makolo ali aakulu. Mu 1999, gulu la Ernst Hafen ku Zurich linafotokoza za jini yotchedwa chico. Ikawonongeka, kantchentche kamachepa kwambiri ngakhale chakudya chili mbwee, chifukwa thupi silimva bwino uthenga wa insulini wakuti zakudya zilipo. Apa panaoneka kuti njala ndi chibadwa zimakumana pa njira imodzi.

Wina anganene kuti ntchentche si mwana wa munthu. N'zoona, koma insulini ndi timadzi tofanana nayo ndi zimene zimatsogoleranso kukula kwa ana athu. Wina anganenenso kuti nkhani ya chico ikutsimikiza kuti kufupika n'kobadwa nako. Kufupika kotere kulipodi, koma n'kwa apo ndi apo, pamene kafukufuku wa boma wa 2015-16 anapeza kuti ana 37 mwa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu m'Malawi ndi opinimbira. Chibadwa chokha sichingafupikitse ana ochuluka chonchi.

N'chifukwa chake kholo la ku Chinamwali kapena ku Domasi lisagonje msanga. Mwana akaoneka wochepa msinkhu, lipite naye kusikelo, ndipo m'phala lake muzilowa nsinjiro, dzira kapena ufa wa matemba.