Ulendo wa ku Joni: makilomita 1,350 ndi ngozi ya ku Francistown



Kuchokera pa bwalo la ndege la Chileka kukafika ku Johannesburg pali makilomita pafupifupi 1,350, ndipo ndege za masiku ano zimangotenga maola awiri ndi mphindi pang'ono. Basi yodzera ku Zalewa, Mwanza, Tete, Harare ndi Beitbridge imayenda usana ndi usiku, mwinanso masiku awiri mukachedwa pa chipata. Ine ndimakonda kupereka samu imeneyi m'kalasi chifukwa kuseri kwake kuli mbiri yathu.

Azigogo athu oyambirira ankapita ku Joni wapansi, miyezi ili kutha. Ena sanabwerere, n'kusanduka matchona. Kenaka bungwe la Wenela, lomwe linkalemba anthu ntchito ya m'migodi ya golide, linayamba kunyamula anthu pa ndege m'zaka za m'ma 1950. Koma ndegeyo sinkafika ku Johannesburg ayi. Inkatera ku Francistown m'dziko la Botswana, makilomita pafupifupi 1,000 kuchokera ku Chileka, ndipo kumeneko anthu ankakwera sitima. Ndege ya mtundu wa DC-4 inkathamanga makilomita ngati 350 pa ola. Gawani nokha: maola atatu. Choncho amuna a kumudzi amene sanakhalepo ndi njinga anakwera ndege aphunzitsi awo asanaikwere!

Tsono pa 4 Epulo 1974, DC-4 ya Wenela inanyamuka ku Francistown kubwera ku Blantyre ndi anthu 84. Itangonyamuka, mainjini anayamba kuvuta, inagwa n'kupsa. Anthu 78 anamwalira, ambiri mwa iwo Amalawi amene anali atamaliza kontirakiti. Chinalakwika n'chiyani? Mafuta amene anathiridwa anali osakanikirana ndi a ndege za jeti, omwe sagwirizana ndi injini za mtundu umenewo. Taganizirani: munthu wapulumuka pansi pa mgodi, kwatsala maola atatu kuti aone kwawo, n'kufera mafuta olakwika.

Dr. Kamuzu Banda analetsa Wenela kulemba anthu m'Malawi. Nthawi imeneyo Amalawi oposa 100,000 anali m'migodi ya ku South Africa, ndipo ambiri anabwerera. Kulemba kunayambiranso mu 1977 pansi pa dzina la TEBA, koma anthu ake anali ochepa, mpaka kunatheratu mu 1988 pa mkangano woyeza Amalawi kachilombo ka HIV. Dzina lokha ndi lomwe linatsala: depoti ya mabasi ya Wenela ku Blantyre.

Chimene chimandiwawa n'chakuti ana athu amatchula bwinobwino zaka za nkhondo za ku Ulaya, koma za 1974 sadziwa. Pamene abale awo akupitabe ku Joni, pa basi, njira yomweyo imene makolo ankafunira malata ndi wayilesi.

Ndiye pempho langa ndi ili. Aphunzitsi a mbiri ndi a masamu, tigwirizane, phunziroli tiliphunzitse limodzi. Inu ana anga, ngati kwanu kuli agogo amene anapita ku Theba, khalani nawo pansi, muwafunse za ndegeyo, mulembe zimene akuuzeni. Atsala ochepa, ndipo sakudikira ife.