Ulendo wa ku Peramiho: lumbiro lokhala pamalo amodzi



Tikatuluka m'tauni ya Songea, kumwera kwa dziko la Tanzania, msewu umatidutsitsa m'minda ya chimanga kufikira mudzi wa Peramiho. Tisanawone tchalitchi chachikulu cha amonke a chipani cha Benedict Woyera, makutu athu ayamba kale kumva belu lake.

Nyumba ya amonkeyi inayamba mu 1898, pamene Bambo Cassian Spiss a ku St Ottilien, m'dziko la Germany, anafika pakati pa Angoni a mfumu Mputa Gama. Angoniwa ndi abale ake a Angoni akwathu kuno, pakuti makolo awo onse anachokera kumwera.

Koma patangopita zaka 7, kunabuka nkhondo ya Maji Maji, pamene anthu anaukira ulamuliro wankhanza wa Ajeremani. Pa 14 Ogasiti 1905, Cassian Spiss, amene tsopano anali episkopi, anaphedwa panjira pamodzi ndi abulazala awiri ndi asisitere awiri. Mishoni ya Peramiho inatenthedwa. Mu 1906 Ajeremani anapachika mfumu Mputa ndi atsogoleri ena ambiri ku Songea, ndipo njala inapululutsa anthu osawerengeka. Maliro anali mbali zonse.

Ndani akanawadzudzula amonkewo akanati achoke osabweranso? Komatu anabwerera namanganso pa phulusa lomwelo. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatha, amishoni a ku Germany anathamangitsidwa, koma anzawo a ku Switzerland anadzapitiriza ntchitoyo. Lero pamalopo pali chipatala, sukulu ya ntchito zamanja ndi nyumba yosindikizira mabuku.

Chinsinsi chake chili m'malamulo amene Benedict Woyera analemba zaka pafupifupi 1,500 zapitazo. Mmonke salumbira kumvera kokha ayi. Amalumbiranso kukhazikika m'banja limodzi la amonke mpaka imfa, akupemphera ndi kugwira ntchito, zikome zisakome.

Nanga ife? Tikasemphana mawu pang'ono m'kwaya kapena m'mphakati, timafulumira kunena kuti tasiya. Sabata ino tiyeni tikumbuke malo amodzi amene tinawathawa chifukwa cha kupwetekedwa mtima, ndipo tipemphe Ambuye atipatse mphamvu yobwererako.

Benedict Woyera, mutipempherere ife.