Mkuwa, Makala ndi Njira ya Magetsi

Ana a sukulu pamodzi ndi inu aphunzitsi, lero tiyambe ndi cinthu cimene munacionapo kudzala: batire lakutha la wailesi, lophwanyika. Pakati pake pali kamtengo kakuda, ndipo kunja lakutidwa ndi citsulo cochedwa zinki. Kamtengo kameneka ndi kaboni, mbale wake wa makala amene amai amaphikira. Kodi zinatani kuti citsulo ndi makala zigwire nchito imodzi?

M'caka ca 1729, munthu wa ku England dzina lake Stephen Gray anapeza kuti magetsi amayenda m'waya wacitsulo, koma akafika pa ulusi wa silika amaima. Cifukwa cake cinayamba kudziwika pamene J. J. Thomson anatulukira tinthu tating'onoting'ono tochedwa maelekitironi m'caka ca 1897. Taganizani za mbuzi za kwanu ku Sinda. M'dzinja zimamangidwa pa cikhomo kuti zingadye cimanga, koma anthu akakolola zimayenda paliponse. Maelekitironi a m'mphira ali ngati mbuzi za m'dzinja. Ena a mu mkuwa ali ngati mbuzi za m'cilimwe. Batire likawakankha, onse amalowera kumodzi, ndipo ulendo wao ndiwo magetsi.

Pa zitsulo zonse, siliva yekha ndiye aposa mkuwa pa nchito imeneyi. Makolo a m'dziko lino anaudziwa mkuwa magetsi asanamveke. Pa Ingombe Ilede, pafupi ndi Zambezi, anthu ofukula anapeza m'caka ca 1960 mitanda ya mkuwa ndi zida zokokera waya. Waya wao unali wa makoza. Wathu ndi wa nyali.

Kaboni ndiye wodabwitsa. Daimondi ndi kaboni, koma salola magetsi kudutsa. Cakuda ca m'pensulo, cochedwa graphite, naconso ndi kaboni, koma cimawalola, pakuti m'kati mwake muli maelekitironi osamangidwa. Georges Leclanché wa ku France anaika kaboni m'batire lake m'caka ca 1866, ndipo Thomas Edison anayatsa babu ndi ulusi wootcha wa kaboni m'caka ca 1879. Kwathu kuno nzeru zimenezi zinalowa m'midzi ndi wailesi yochipa ya Saucepan Special m'caka ca 1949. Agogo anu anamva mau a ku Lusaka m'cinenero cao nthambo za magetsi zisanafike kwao, ndipo amene anawabweretsera mauwo ndi batire la zinki ndi kaboni.

M'caka ca 2004, Andre Geim ndi Konstantin Novoselov a ku Manchester anasenda graphite ndi tepi yomatira mpaka panatsala kacikuto kopyapyala koposa, kochedwa graphene, ndipo analandira mphotho ya Nobel m'caka ca 2010. Akatswiri amapakanso pa galasi kacikuto kosakaniza kaboni ndi timibulu ta citsulo tosaoneka ndi maso. Pamenepa pali cinsinsi cokoma. Kumbukirani m'mene mumaolokera mtsinje ku Vubwi podumpha pa miyala. Miyala ikatalikirana muima kutsidya. Wina akaonjeza iwiri kapena itatu, njira yatseguka. Timibulu ta citsulo tikacepa, magetsi amavutika kuoloka. Tikaculuka mpaka kukhudzana, amayenda mwadzidzidzi ndi mphamvu yaikulu. Wopanga amasankha yekha muyeso umene afuna.

Aphunzitsi a ku Katete ndi kwina, mungathe kuonetsa zimenezi popanda ndalama zambiri. Lembani mzere wonenepa pa pepala ndi pensulo yofewa, kubwereza mpaka unyezimire. Mwapanga kacikuto ka kaboni. Lumikizani mabatire awiri a toci ndi kababu kofiira ka LED, kuti magetsi adutse mumzerewo, ndipo mutseke mazenera. Kakapanda kuyaka, tembenuzani miyendo yake. Mukasendeza waya kutali pa mzere kuwala kumazirala, cifukwa njira yatalika. Ana ayese mzere wopyapyala ndi wonenepa, nalembe zimene aona.

Koma ana inu, cenjerani. Zimenezi zicitike ndi mabatire a toci okha, aphunzitsi ali pomwepo. Magetsi a pa khoma ndi a pa mitengo ya m'mbali mwa mseu amapha, pakuti thupi lanu, makamaka likanyowa, nalonso limawalola kudutsa.