Mtsuko Utagonja kwa Pulasitiki ku Bembeke

Pamene ansembe a White Fathers anakhazika mishoni ya Bembeke m'chaka cha 1910, m'dziko la mfumu Kamenyagwaza, kumene chisanu chimaluma ngakhale dzuwa lili paliwombo, mkazi wotunga madzi ankasenza mtsuko, wophika ankatereka nkhali pa mafuwa, ndipo waludzu ankamwera m'chikho chimene chinamera m'munda mwake momwe. Mtsikana akaima koyamba, anamkungwi ankamchitira chisamba, namlangiza za zakudya zoyenera kusala, za mchere ndi za mdulo, pakuti makolo ankazindikira, ngakhale analibe mabuku, kuti cholowa m'kamwa mwa mayi sichithera mwa mayi yekha. Koma za chotengera chakudyacho sanalangize kanthu, popeza dothi linalibe mlandu.

Chakudza sichiimba ng'oma. Kutsidya kwa nyanja, m'chaka cha 1891, Aleksandr Dianin wa ku Russia anapanga mankhwala otchedwa bisphenol A, amene pambuyo pake anakhala maziko a pulasitiki yolimba ndi utoto wa m'kati mwa zitini. Ndipo m'zaka za m'ma 1930 Charles Dodds wa ku London anapeza kuti mankhwalawa amachita m'thupi monga mahomoni a chikazi. Dodds yemweyo ndi anzake anapanga ena amphamvu koposa, otchedwa DES, amene madokotala a ku America anapatsa amayi apakati poyesa kuletsa kupita padera, kufikira m'chaka cha 1971, pamene Arthur Herbst wa ku Boston anaonetsa kuti ena mwa ana aakazi a amayiwo anadwala khansa ya njira ya chiberekero atafika pa unamwali. Amayi anamwa, ana ndiwo analipa.

Chinsinsi china n'chakuti mwana wamkazi amaumbidwa ndi mazira ake onse akali m'mimba, kotero kuti mayi wapakati asenza mwana pamodzi ndi mbewu ya adzukulu. Mu 1998 Patricia Hunt, ku America, anaona mazira a mbewa zake zofufuzira atasokonekera, chifukwa zikwere za pulasitiki zimene zinaonongeka potsukidwa zinkatulutsa bisphenol A. Umboni wa pa nyama ndi wolemera kuposa wa pa anthu, komabe maiko a European Union sanadikire: mu 2011 analetsa mankhwalawa m'mabotolo oyamwitsira makanda.

Ku Bembeke mtsuko unagonja popanda nkhondo, ndipo sindiwadzudzula amayi, pakuti ndowa ya pulasitiki ndi yopepuka pa mtunda, siisweka ikagwa pa matope a dzinja, ndipo mtengo wake ndi wa mbatatesi zochepa. Boma la Malawi linaletsa majumbo opyapyala mu 2015, ndipo bwalo lalikulu la apilo linavomereza chiletsocho mu 2019 eni mafakitale atalimbana nacho zaka zinayi. Koma lamulolo linkayang'ana ngalande zotsekeka, minda ndi mbuzi zomeza majumbo, osakhudza mabotolo olimba ndi zitini mmene bisphenol A amakhalamo.