Mau Amene Anataya Ulemu Wake

Mwana akabwera kuchokera kusukulu nafunsa tanthauzo la liu la Chingerezi lakuti "gossip", timamyankha msanga kuti ndi miseche, ndipo sitinama. Koma Mngerezi wa zaka 1,000 zapitazo akadamva yankho limeneli akadagwira pakamwa, pakuti kwa iye liuli linali laulemu waukulu.

Pachiyambi ankati "godsibb". "God" ndiye Mulungu, "sibb" ndiye mbale. Motero godsibb anali mbale mwa Mulungu, ndiye kuti tate kapena mai wa ubatizo. Cha m'ma 1014, pamene ankhondo a ku Denmark anasautsa dziko la England, Wulfstan, arkiepiskopi wa ku York, analemba ulaliki wodzudzula mtundu wake. Pakati pa zoipa zimene anadandaula nazo panali chakuti ma godsibb ndi ana a ubatizo ambiri anaphedwa m'dzikomo. Kwa iye ubale umenewu unali wolemera ngati wa magazi.

Nanga ulemu wotere unatayika bwanji? Unatayika pang'onopang'ono. Pofika zaka za m'ma 1300 liuli linayamba kutanthauza bwenzi lililonse la pamtima. Pambuyo pake linakhazikika pa amai oitanidwa kukakhala ndi mnzao pa nthaŵi yochira. Amaiŵa ankachezera m'chikuta usiku wonse, ndipo podikira mwana ankakamba nkhani. Amene anali kunja anangoona kukambako, osaona chithandizocho. Zaka za m'ma 1500 zisanathe, gossip anasanduka munthu wolongolola za eni.

Liu lakuti "silly", limene lero limanena munthu wopusa, linayenda njira yomweyo. Makolo a Angerezi ankati "saelig", kutanthauza wodala. Popeza wodala amakhala wosalakwa, liuli linagwera pa ana ndi pa nkhosa. Popeza wosalakwa sadziŵa kudziteteza, linafika potanthauza womvetsa chisoni ndi wofooka. Potsiriza wofookayo anayesedwa chitsiru. Chijeremani, chimene chili pa ubale ndi Chingerezi, chinasunga tanthauzo loyamba, ndipo mpaka lero "selig" ndiye wodala.

Lina ndi "bead", mkanda. Kale "bede" linali pemphero. Anthu poŵerenga mapemphero ao ankasuntha timikanda pa chingwe, monga tichitira ndi korona, ndipo m'zaka za m'ma 1300 dzina linachoka pa pemphero nkukhala pa mkanda umene unali m'zala.

Tikudziŵa zonsezi chifukwa cha khama la anthu ena. M'chaka cha 1857 akatswiri a ziyankhulo ku London anaganiza zolemba buku lolondola mbiri ya liu lililonse la Chingerezi. James Murray anatenga udindowu mu 1879, ndipo anthu ambirimbiri odzipereka ankamtumizira timapepala tosonyeza pamene anapeza liu m'mabuku akale. Murray anamwalira mu 1915 ntchito isanathe. Bukulo, Oxford English Dictionary, linamalizidwa mu 1928. Akulu anati madzi saiŵala khwaŵa, ndipo m'masamba ake munthu angathe kutsata liu mpaka kukafika ku kasupe wake.

Chimene chiyenera kutiganizitsa nchakuti panalibe mfumu kapena bwalo limene linalamula kuti mbale mwa Mulungu akhale wamiseche, ngakhale kuti wodala akhale chitsiru. Anthu wamba ndiwo anachita zimenezi, pamsika ndi pakhomo, aliyense kuonjezako kachipongwe kake kakang'ono, osadziŵa kuti adzukulu adzalandira liu lopunduka. Ifenso tili ndi mau olemera m'chiyankhulo chathu, monga nkhoswe, namkungwi ndi mzamba. Ana athu adzaŵamva monga momwe ife tikuŵatchulira lero, ndiponso monga momwe eni maudindowo akukhalira pamaso pao.