Nsima ya Aroma ndi Phoso la ku Minda ya Tiyi

Madzulo ano tiyambire kum'mawa kwa Zimbabwe, kumene mapiri amayang'anana ndi dziko la Mozambique. M'caka ca 1924 Arthur Ward ndi Grafton Phillips anabzala tiyi pa munda wa New Year's Gift m'boma la Chipinge, ndipo m'zaka za m'ma 1950 minda yina inatsegulidwa m'cigwa ca Honde. Tiyi afuna manja ambiri. Cotero kunabwera anthu ocokera ku Mozambique ndi ku Nyasaland, nakhala m'makomboni, nalandira phoso: ufa wa cimanga, nyemba, mcere, ndi nyama mwa kamodzi-kamodzi. Eni dziko amati sadza, ife timati nsima, koma mthiko wake ngomwewo.

Kapena mudzadabwa ndikakuuzani kuti wothyola tiyi wa ku Honde akadacezera Mroma wakale, sakadacita cilendo pa mphasa. Pliny, mlembi wa ku Roma, anasimba kuti makolo ake anakhala zaka zambiri osadya buledi, koma phala lolimba lochedwa puls, la ufa wa mtundu wina wa tirigu; ndi kuti ophika buledi wamalonda sanaoneke mu mzindawo kufikira ca m'ma 171 B.C. Codyera phalalo anali kucicha pulmentarium. Ife tikadangoti ndiwo. Zinali nyemba, kabici, anyezi, zipatso za azitona, ndi msuzi wa tinsomba tomwerera mcere, umene fungo lake wodya usipa sakadalinyoza.

Phoso nalonso analidziwa. Ca m'ma 160 B.C. mwini minda wina, dzina lake Cato, analemba buku la malangizo a ulimi, ndipo m'menemo anaika muyeso wa cakudya ca akapolo ake. Wolima alandire tirigu wokwana ngati ndowa ziwiri pa mwezi, ndi kuonjezako pang'ono m'nyengo yotentha. Mafuta a azitona ngati theka la lita pa mwezi. Mcere wa caka conse pa muyeso umodzi. Nanga ndiwo? Anati awasungire azitona ogwa okha pansi, ndipo akatha amenewo awapatse nsenga za msuzi wa nsomba ndi vinyo wosasa. Munthu yemweyo analembanso kaphikidwe ka phala lothira chizi, uci ndi dzira, koma ndikaika ngati kapolo analilawa. Amene anaimapo pa mzere wa phoso Loweruka amzindikira Cato ameneyu ngakhale sanamuone.

Cimanga Aroma sanacidziwe, pakuti cinafika ku Ulaya kucokera ku America citapita caka ca 1492, monganso matimati. Citafika kumpoto kwa Italy, alimi a ku Veneto ndi Lombardy anacikonda cifukwa cimabala kwambiri, ndipo phala la makolo linasanduka polenta. Mai wa pa nyumba amawiritsa madzi a mcere mu mphika wamkuwa, nathira ufa wacikasu pang'ono-pang'ono, natakasa ndi mtengo pafupi-fupi ora lathunthu. Ikapsa amaikhuthulira pa thabwa, naidula ndi ulusi. Ndi nsima ndithu, kungoti ife sitithiramo mcere.

Tsono apa mpamene pali cisoni. Tirigu anali kupita kwa mwini munda, ndipo wolima anatsala ndi polenta m'mawa, masana ndi madzulo. Akulu a kumeneko amasimba za nsomba imodzi youma yopacikidwa pa cingwe pamwamba pa tebulo, kuti yense angokhudzitsako mbamu yake, amveko fungo. Pamenepo panabuka nthenda. Khungu la pa manja ndi m'khosi, pomwe pamaomba dzuwa, linali kuda ndi kung'ambika. Kenaka kutsegula m'mimba. Potsiriza misala, kotero kuti nyumba za odwala misala zinadzaza ndi alimi. M'caka ca 1771 dokotala wa ku Milan, Francesco Frapolli, anailemba ndi dzina limene anthu wamba anali kuichula, pellagra, ndiko kuti khungu lokakala. Akacenjede ambiri anati cimanga covunda ndico cili ndi ululu. Analakwa. Kuyambira 1914 Joseph Goldberger wa ku America anaonetsa kuti gwero lake ndi kusowa kwa zakudya zina, ndipo mu 1937 cosowaco cinadziwika: niacin. M'cimanga alimo, koma womangika, thupi silitha kumtenga. Anthu a ku Mexico, eni cimanga, amaciphika ndi laimu kapena phulusa, ndipo potero amammasula. Koma nzeru imeneyi sinaoloke nyanja pamodzi ndi mbeu.

Musati ndi nkhani ya Azungu okha. Nkhondo ya ku Mozambique itakula, ena anathawira ku Tongogara m'boma lomwelo la Chipinge, koma unyinji unalowa m'Malawi, kumene unadalira phoso la ufa, nyemba ndi mtedza. Mtedza utaleka kufika kwa miyezi ingapo m'caka ca 1990, anthu oposa 18,000 anagwidwa ndi pellagra m'misasa ya kumwera, ndipo akazi ndiwo anaculuka pakati pa odwala. Mtedza utabwereranso, ndi ufa utayamba kuthiridwa niacin pa cigayo, nthendayo inacepa.