Msonkho wa IRPS: zoyenera kudziwa olembedwa ntchito ndi odzigwirira okha

Anthu ambiri a m'boma la Chimbonila amadalira khasu. Amalima chimanga, nyemba, mbatata ya kachewere ndi fodya. Komabe pafupifupi dera lililonse lili ndi wina amene amapeza ndalama m'njira ina: mphunzitsi, namwino, mlangizi wa zaulimi, mmisiri womanga, kalipentala, makanika, dalaivala, kapena wachinyamata amene amamasulira Chiyao ndi Chinyanja mabungwe akabwera kudzachititsa misonkhano. Ambiri mwa anthuwa amayamba kumva za msonkho tsiku lolandira ndalama, akaona kuti zimene alandira n'zochepa poyerekeza ndi zimene anagwirizana. Nkhani ino ikufotokoza komwe ndalama yodulidwayo imapita, komanso chifukwa chake munthu wosunga mapepala nthawi zina amayenera kubwezeredwa gawo lina.

IRPS ndi chiyani?

IRPS ndi chidule cha dzina la Chipwitikizi lakuti Imposto sobre o Rendimento das Pessoas Singulares. Ndi msonkho wa pa ndalama zimene munthu payekha wapeza m'chaka, kuyambira pa 1 Januwale mpaka pa 31 Disembala. Malamulo ake ali mu Lei 33/2007, ndipo anasinthidwa kwambiri ndi Lei 20/2013, imene inayamba kugwira ntchito mu 2014. Otolera msonkhowu ndi a Autoridade Tributária de Moçambique, bungwe limene linakhazikitsidwa mu 2006. Anthu a ku Chimbonila amathandizidwa ku ofesi ya msonkho ya mumzinda wa Lichinga.

Lamulo limagawa ndalama zimene munthu amapeza m'magulu asanu:

Gulu loyamba: malipiro a ntchito yolembedwa.
Gulu lachiwiri: ndalama za bizinesi ndi za ntchito yodzigwirira wekha.
Gulu lachitatu: phindu la ndalama zimene unasungitsa kapena kubwereketsa, ndi phindu la pogulitsa chuma monga nyumba.
Gulu lachinayi: lendi ya nyumba ndi malo.
Gulu lachisanu: ndalama zina, monga mphoto za mipikisano.

Munthu mmodzi akhoza kupezeka m'magulu angapo. Mphunzitsi amene ali ndi chigayo komanso nyumba ya lendi ku Lichinga ali m'gulu loyamba, lachiwiri ndi lachinayi nthawi imodzi.

Poyambira pake ndi NUIT

NUIT ndi nambala ya manambala 9 imene boma limadziwira wokhoma msonkho aliyense. Imaperekedwa kwaulere, ndipo munthu amakhala ndi imodzi moyo wake wonse. Popita kukaitenga nyamulani chiphaso chanu, monga Bilhete de Identidade.

Vuto lofala m'midzi ndi kubwerekana NUIT. Mmisiri akapeza ntchito ku bungwe alibe nambala, amapereka ya mchimwene wake kapena ya mlamu wake kuti alipidwe msanga. Zikatero m'mabuku a boma zimaoneka ngati mwini nambalayo ndiye wapeza ndalamazo. Iyeyo akhoza kudzafunsidwa za ndalama imene sanaigwire n'komwe, pomwe wogwira ntchito weniweni alibe umboni woti anadulidwapo msonkho.

Amene mukuyamba ntchito yodzigwirira nokha, NUIT yokha si yokwanira. Muyeneranso kukadziwitsa ofesi ya msonkho kuti mukuyamba ntchito yakutiyakuti, polemba chikalata chotchedwa declaração de início de actividade. Mukadzasiya ntchitoyo kadziwitseninso, apo ayi boma lizikuwerengeranibe ngati mukugwira.

Olembedwa ntchito

Kwa wolembedwa ntchito, msonkho umadulidwa ndi bwana mwezi uliwonse malipiro asanafike m'manja. Kudula kotereku kumatchedwa retenção na fonte. Bwanayo amayenera kukapereka ndalamayo ku boma pofika pa 20 mwezi wotsatira.

Malinga ndi ndondomeko imene inabwera ndi lamulo la 2013, malipiro osafika 20,250 MT pamwezi sadulidwa IRPS. Akapitirira pamenepo, kuchuluka kwa msonkho kumatengera kukula kwa malipiro ndi chiwerengero cha anthu amene lamulo limawawerenga kuti amadalira inu, monga ana. Choncho mwana akabadwa dziwitsani ofesi yoona za antchito, chifukwa mukapanda kutero muzidulidwa zambiri kuposa zoyenera.

Mu 2014 kunayamba lamulo lakuti msonkho wodulidwa pa malipiro uzithera pomwepo, ndipo malipirowo asamaphatikizidwe ndi ndalama zina zimene munthu wapeza. Kuyambira chaka chomwecho mwamuna ndi mkazi wake amawerengeredwa msonkho aliyense payekha. Apa m'pamene ambiri amasokonezeka. Amaganiza kuti popeza amadulidwa kale kuntchito, ndiye kuti zonse zatha. Ayi ndithu. Zodulidwa pa malipiro zimakhudza malipiro okhawo. Ndalama za chigayo, za lendi kapena za ntchito yapadera imene munagwira pa tchuthi zimayenera kukanenedwa pazokha.

Odzigwirira okha ndi 20 peresenti

Bungwe, kampani kapena ofesi ya boma ikamalipira munthu wa m'gulu lachiwiri chifukwa cha ntchito imene wagwira, lamulo limailamula kudula 20 peresenti. Mukagwirizana 50,000 MT, mulandira 40,000 MT, ndipo 10,000 MT ipita ku boma m'dzina lanu. N'chifukwa chake pokambirana mtengo ndi bwino kufunsiratu ngati ndalama imene ikutchulidwayo ndi yodulidwa kale kapena ayi, ndipo yankho lake lilembedwe papepala. Mikangano yambiri ya amisiri ndi owapatsa ntchito imayambira pamenepa.

Chachikulu kudziwa ndi ichi: kwa munthu wokhala m'dziko muno, 20 peresenti imeneyi si msonkho womaliza. Ili ngati chikole. Msonkho weniweni umadziwika chaka chikatha, ndalama zonse zikawerengedwa. Ngati zodulidwa zachepa mumawonjezera, ngati zachuluka muli ndi ufulu wopempha kuti akubwezereni.

Kawerengedwe kake kali motere. Lamulo la 2013 linaika kuti 225,000 MT zoyambirira za pachaka sizikhomeredwa msonkho. Zotsalazo zimakhomeredwa m'masitepe: 10 peresenti mpaka 42,000 MT, 15 peresenti kuyambira pamenepo mpaka 168,000 MT, 20 peresenti mpaka 504,000 MT, 25 peresenti mpaka 1,512,000 MT, ndi 32 peresenti pa zopitirira apo.

Tiyerekeze kuti womasulira wina wopanda omudalira wagwira ntchito za mabungwe zokwana 300,000 MT m'chaka, ndipo nthawi zonse ankadulidwa 20 peresenti. Ndiye kuti boma lalandira kale 60,000 MT m'dzina lake. Pa 300,000 MT tikachotsapo 225,000 MT, patsala 75,000 MT. Pa 42,000 MT zoyamba msonkho ndi 4,200 MT, pa 33,000 MT zotsala ndi 4,950 MT. Zonse pamodzi ndi 9,150 MT. Munthuyu wapereka ndalama zopitirira zosachepera 50,850 MT, ndalama yokwanira kugula matumba angapo a feteleza. Koma palibe amene adzamubweretsere kunyumba. Ayenera kukalemba yekha chikalata cha pachaka, ali ndi umboni wa zimene anadulidwa.

Umboniwo ndi pepala lochokera kwa amene anakulipirani, losonyeza NUIT yanu, ndalama zonse zimene munagwirira ntchito ndi msonkho umene unadulidwa. Ndi udindo wawo kukupatsani. Musadikire chaka kutha, chifukwa mabungwe ena amatseka ntchito n'kuchoka m'dera. Pemphani pepalalo tsiku lolandira ndalama.

Masiku oyenera kukumbukira

Chikalata cha pachaka chimatchedwa Modelo 10, ndipo chimanena za ndalama za chaka chimene chatha. Amene muli ndi ndalama za m'gulu lachiwiri mumachipereka pofika pa 30 Epulo. Amene muli ndi ndalama zina monga lendi, koma mulibe za m'gulu lachiwiri, tsiku lomaliza ndi 31 Marichi. Nyengoyi ndi yamvula ndi yotanganidwa kumunda, ndipo misewu yochokera kumadera monga Lione imavuta. Ndi nzeru kukonzeratu ulendo wa ku Lichinga mu Febuluwale. Wochedwa amalipira chindapusa, ndipo ngati panali msonkho wofunika kupereka, chiwongoladzanja chimawonjezeka pamwamba pake.

Njira ya amalonda ang'onoang'ono

Si aliyense wodzigwirira ntchito amene ayenera kutsata njira ya IRPS. Mu 2009, kudzera mu Lei 5/2009, boma linakhazikitsa msonkho wosavuta wotchedwa ISPC, wa amalonda ang'onoang'ono, ogula ndi kugulitsa mbewu, alimi, amisiri ndi ena otero. Wolembetsa ku ISPC sakhomanso IRPS kapena IVA pa ntchito imene walembetsayo. Lamulo la 2009 linaika msonkhowu pa 3 peresenti ya zonse zimene munthu wagulitsa, kwa amene malonda awo sapitirira 2,500,000 MT pachaka, ndipo umaperekedwa miyezi itatu iliyonse.

Kusiyana kwake n'kwakuti ISPC imawerengedwa pa zogulitsa zonse, osati pa phindu. Wogula nyemba kwa alimi n'kukagulitsa mumzinda ndi phindu lochepa amakhomabe pa ndalama yonse imene wagulitsa. Nyumba ya Malamulo imasintha ziwerengero za misonkho nthawi ndi nthawi, choncho musanasankhe njira funsani ku ofesi ya msonkho mlingo wa chaka chimenecho pa mtundu wa ntchito yanu.

Ogwira ntchito mbali zonse za malire

Mabanja ambiri kuno ali ndi abale ku Mangochi ndi ku Makanjira, ndipo amisiri amawoloka kukagwira ntchito ku Malawi, ena amafika mpaka ku South Africa. Pa nkhani ya msonkho, lamulo limayang'ana kumene munthu amakhala, osati kumene anabadwira. Malinga ndi lamulo la 2007, amene wakhala mu Mozambique masiku opitirira 180 m'chaka, motsatizana kapena modukizadukiza, ankawerengedwa kuti ndi wokhala muno, ndipo wokhala muno amayenera kunena ndalama zonse, ngakhale zimene wapeza kunja. Ngati ku Malawi anadulidwa kale msonkho wa Malawi Revenue Authority, asunge pepala lake, chifukwa lamulo la IRPS limalola kuti msonkho woperekedwa kunja uganiziridwe powerengera wa kuno.

Mmisiri wochokera ku Malawi amene wabwera kudzagwira ntchito ya masabata ochepa amadulidwanso 20 peresenti, koma kwa iyeyo, poti sakhala muno, msonkhowo umathera pomwepo.

Musasokoneze IRPS ndi zopereka zina

Msonkho wa pachaka umene umatoleredwa m'maboma, wotchedwa Imposto de Reconstrução Nacional, ndi wina. Mumzinda wa Lichinga m'malo mwake muli Imposto Pessoal Autárquico. Tikiti ya pamsika nayonso ndi ina. Kukhala ndi malisiti a zimenezi sikutanthauza kuti mwathana ndi IRPS.

Ndalama ya INSS si msonkho, koma chosungira ukalamba, matenda ndi ana amasiye. Kwa wolembedwa ntchito m'kampani ndi 7 peresenti ya malipiro: 3 imachokera kwa wantchito, 4 kwa bwana. Wodzigwirira yekha akhoza kulembetsa, ndipo amapereka 7 yonseyo yekha.

Zoti muzisunga

Pezani envulopu kapena chikwama cha pulasitiki chosalowa madzi, ndipo muzisungamo khadi la NUIT, mapangano olembedwa a ntchito iliyonse, mapepala a malipiro a mwezi ndi mwezi, umboni wa msonkho wodulidwa, malisiti a zipangizo ndi maulendo a ntchito, komanso kope la Modelo 10 lodindidwa. Khalaninso ndi kabuku kolembamo tsiku, dzina la wokulipirani ndi ndalama imene mwalandira, kuphatikizapo zolandira pafoni kudzera pa M-Pesa kapena e-Mola. Mapepalawa musawataye chaka chikatha, chifukwa ofesi ya msonkho ikhoza kufunsa za zaka za m'mbuyo.

Pomaliza, msonkho umaperekedwa ku ofesi ya msonkho kapena kubanki imene ofesiyo yakuuzani, ndipo nthawi zonse pamatuluka lisiti. Wina akakuuzani kuti mumupatse ndalama pamanja kuti akakukonzereni zonse, kanani.